Manifold ya M50 pa 328i: mphamvu ikubwera ndithu koma yasamukira kumtunda

Amene muli ndi BMW E36 328i kapena 323i nkhani iyi ndikudziwa munaimvapo kale, aliyense amangoti ikani manifold ya M50 galimoto isintha, ikani manifold ya M50 muona. Manifold imeneyi ndi chipangizo cholowetsa mpweya mu injini, chochoka pa injini yakale ya BMW yotchedwa M50. Ine ndinaika pa 328i yanga ya manual ndipo ndayenda nayo mokwanira moti ndikhoza kunena zomwe ndaona, zokoma ndi zosakoma zomwe. Ndi chinthu chabwino ndipo sindichotsa, koma si cha aliyense, ndipo amene akukuuzani kuti mphamvu imangoonjezekera paliponse sakukuuzani nkhani yonse.

Chomwe chinandikopa ine ndi manambala a BMW eni ake. 325i yakale ija, ya injini ya M50 ya malita 2.5, imatulutsa 192 PS (muyezo wa mphamvu ya injini, ngati horsepower). Itabwera 328i mu 1995 ndi injini ya M52 ya malita 2.8, inalembedwa 193 PS. Tangoganizani, injini yakula chonsecho koma pa PS yangoonjezera imodzi basi. Pomwe inapindula ndi pa torque, mphamvu yokoka ija, chifukwa M52 ya 2.8 imapereka 280 Nm pa 3950 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) pomwe M50 ya VANOS, makina osintha nthawi yotsegukira mavavu, imapereka 250 Nm pa 4200 rpm. Nde onaninso apa, mphamvu yonse ya M52 imafika pachimake pa 5300 rpm pomwe ya M50 ija imakafika mpaka 5900. Kutanthauza kuti 2.8 imakoka bwino pansi, pa ma rpm ochepa, koma imatopa msanga, ndipo aliyense amene anaiponda mpaka kumapeto akudziwa zomwe ndikunena, singano ya rpm ikangodutsa 5500 phokoso limapitirira koma kukoka kwatha, umangoona kuti bola ndisinthe giya. Chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zomwe zimaibanikitsa kumtundako, pa ma rpm okwera, ndi manifold yakeyo.

Ntchito ya manifold ndi kugawa mpweya. Mpweya ukadutsa pa fyuluta ndi pa throttle body, kachitseko kotseguka mukaponda moto, umalowa m'chimimba chachikulu chija kenako umagawikana m'mipita 6, uliwonse kulunjika ku silinda yake. Nkhani yonse yagona pa kukula kwa mipita imeneyi. Mpita ukakhala wopapatiza mpweya umathamanga kwambiri olo injini ikuzungulira pang'onopang'ono, nde chifukwa cha liwiro limenelo umapitirizabe kudzikankhira mu silinda mpaka vavu itatsekeka, silinda imadzadza bwino, galimoto imakoka bwino pa ma rpm apansi. Koma injini ikayamba kuzungulira kwambiri imafuna mpweya wochuluka pa kanthawi kochepa, mpita wopapatiza uja sungakwanitse. Mpita waukulu nde zimatembenuka, pansi mpweya umayenda mwaulesi, kumtunda umalowa wambiri mosavuta. Zili ngati payipi yothirira maluwa, ukaitsina kukamwa madzi amatuluka mwaliwiro olo mpopi watsegulidwa pang'ono, koma ukafuna kudzaza diramu mwachangu kutsinako kumakuchedwetsa. Ya M52 ndi yotsina ija, ya M50 ndi yotsegula.

Ndipo izi simufunika makina kuti muone. Nditachotsa yakale ndinaziika ziwirizo pambali pa inzake pa tebulo, zonse ndi za pulasitiki yakuda, ukaziona patali ungati ndi chinthu chimodzi. Koma ukazitembenuza n'kuyang'ana mbali yomwe imagunda ku cylinder head, gawo lapamwamba la injini momwe muli mavavu, mabowo a M50 ndi aakulu moonekeratu, ukalowetsa zala umamva kusiyana kwake pompo. Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu kumangoyang'ana, chifukwa mpamene ndinamvetsa kuti injini yabwino chonchi yakhala ikupumira potani zaka zonsezi.

Pogula samalani. Manifold yomwe mukufuna ndi ya M50 ya 2.5, ya pa 325i kapena 525i ya E34. Ilinso ina ya M50 ya 2.0, ya pa 320i ndi 520i, kunja imaoneka chimodzimodzi koma mipita yake ndi yaying'ono, mukaika imeneyo mwangovutika ulele. Funsani kuti yachoka pa injini iti, onani nambala yomwe inadindidwa pa pulasitikipo, ndipo ngati mukugula pa intaneti wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha mabowo ali ndi choyezera pomwepo. Komanso zinthu izi ndi za m'ma 1990, pulasitiki inakalamba, nde fufuzani ming'alu makamaka pozungulira pomangira manati ndi timilomo tating'ono tolumikizira mapayipi, timathyoka mosavuta. Yanga inabwera yabwino koma mkati munali oyilo wakale wosakanikirana ndi fumbi, wakuda bii, ndinaitsuka mpaka nsalu yoyera inkatuluka yoyera. Chinanso, izi ndikunena za M52 yoyamba ija ya VANOS imodzi, ya pa E36, E39 zoyambirira ndi Z3 2.8 zoyambirira. Ngati yanu ndi M52TU ya pa E46, imeneyo ili ndi manifold ina ya DISA yomwe imasintha yokha njira ya mpweya, nkhani yake ndi ina, musagule poganiza kuti ingolowa.

Nde pali zomwe anthu sanena mokwanira. Ku cylinder head manifold ya M50 imakwana bwinobwino, mabowo a manati ndi omwewo. Vuto ndi zonse zomwe zimapachikika pansi pake. Pa M52 pansi pa manifold pali CCV, kachipangizo kolekanitsa oyilo ndi mpweya wochoka mu injini, palinso ICV, vavu yomwe imasunga injini kuti izilirabe mukachotsa phazi, kuphatikizapo timapayipi ta vacuum, ndipo zonsezi zimalumikizidwa pamalo omwe manifold ya M50 ilibe. Sensa yoyeza kutentha kwa mpweya nayo imalowa mosiyana, fuel rail, payipi yogawa petulo ku mainjekita, mabowo ake sagwirizana, pomangira dipstick yoyezera oyilo napo pamafuna kachitsulo, throttle body nayo kakhalidwe ka gasiketi yake sikafanana nde pamafunika kambale kopyapyala pakati. Nchifukwa chake anthu amagulitsa kit yosinthira, ena amapanga okha ndi mapayipi ndi tizitsulo.

Ine ndinagula kit pa intaneti kwa wogulitsa wina, ndipo apa mpomwe ndili ndi mawu. Zachitsulo zonse zinali bwino, tizitsulo togwira fuel rail tinakwana osapinda kalikonse, kambale ka pa throttle body kanali kosalala bwino, pamenepo ndilibe dandaulo. Koma mapayipi ake anali ofewa kwambiri, a silicone opyapyala oti ukawafinya ndi zala ziwiri amagundana mkati, makalampu ake nawo anali otchipa oti ukamanga pang'ono amayamba kudumpha mano. Ndipo m'katoni munalibe olo kapepala kamodzi kosonyeza kuti payipi iyi ikupita uku iyi uku. Munthu ukugulitsa chinthu choti chikakhale pansi pa manifold, malo oti dzanja silifika bwino ukamanga, bwanji osaikamo chithunzi chimodzi chokha? Zinandipweteka chifukwa ntchito yonse imadalira timapayipi timeneti.

Titamanga zonse galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, koma idle, kulira kwa injini usanaponde moto, inali yosakhazikika, singano kukwera kutsika kukwera kutsika, pena kumanjenjemera ngati izima, ndipo ukamvetsera bwino pansi pa manifold pamamveka kamluzu kakang'ono. Makaniko amene ndimagwira naye analowetsa utsi m'njira ya mpweya ndi makina ake aja, injini itazima, ndipo pasanathe nthawi kautsi koyera kanayamba kutuluka pa kalampu imodzi ya payipi yopita ku ICV. Titailizanso n'kuunika ndi tochi tinaona chinanso, payipi ina ya mu kit ija imaphwatalala yokha injini ikamakoka, makoma ake kuyamwana mkati, ukaponda pang'ono moto imafufumanso. Tinachotsa mapayipi onse ofewa aja n'kuika olimba oti amapirira oyilo ndi vacuum, makalampu abwino, idle inakhala phee mpaka lero. Chifukwa chake nchosavuta, MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, imawerenga mpweya wodutsa pa iyo basi, kompyuta n'kupereka petulo molingana ndi zomwe yauzidwa. Mpweya wina ukalowera pambali kompyuta siudziwa, petulo amachepa, injini imavutika. Nde mukamva wina akuti manifold ya M50 inandionongera idle, kawirikawiri si manifold, ndi kabowo penapake.

Kwa amene mukufuna kugwira nokha, ntchitoyi si yovuta kumvetsa koma imafuna kudekha. Chotsani batire kaye chifukwa sitata ili pansi pomwepo ndi waya wake wamoto. Tsitsani presha ya petulo musanamasule fuel rail, ndipo injini ikhale yozizira, petulo ndi injini yotentha sizicheza. Nati yakumbuyo kwenikweni, kufupi ndi galasi, imabisala pansi pa bokosi la mawaya nde muyenera kumasula zapamwambazo kuti sipanala ifike. Jambulani ndi foni chilichonse musanachotse, ndipo mapulagi amawaya muwamate tepi n'kulembapo chifukwa ena amafanana. Manifold ikangochoka tsekani mabowo 6 a pa head aja ndi nsalu zoyera nthawi yomweyo, kawashala kamodzi kakagwera mmenemo nkhani yasanduka yotsegula injini. Magasiketi gulani atsopano a M50, a M52 sakwana, ndipo ma O-ring a mainjekita sinthaninso, musabwezere akale ouma aja. Pomanga musakokere mphamvu zonse, ndi pulasitiki iyi, yambirani pakati kumapita kunja pang'onopang'ono.

Ndipo poti mwatsegula kale, onani zomwe zili pansipo chifukwa mwayi wofikapo mosavuta sumabwera kawirikawiri. Pali ma knock sensor awiri omvera kugogoda kwa injini, mapayipi amadzi opita ku heater, sitata, CCV ndi mapayipi ake omwe akakalamba amauma gwaa n'kumathyoka ukangowakhudza. Ine CCV ndinaika yatsopano, ICV ndinaitsuka mpaka kachitseko kamkati kanayamba kuyenda momasuka ukaigwedeza. Zimenezi zokha zimasintha kaliridwe ka galimoto, moti ena amayamikira manifold pa zinthu zomwe zakonzedwa ndi kutsuka.

Tsopano pamsewu, pomwe pali nkhani yeniyeni.

Pansi yataya, ndisakunamizeni. Kuyambira ponyamuka mpaka cha m'ma 4000 rpm galimoto siikoka ngati kale. Si kuti yafooka moti mungadandaule tsiku lililonse, akadali malita 2.8, koma kukankha kuja komwe 328i imadziwika nako, koti uli mu giya 4 pa 2000 rpm ukangogunda moto pang'ono msana umamatirira ku mpando, kwachepa. Pali zitunda zomwe kale ndinkakwera mu giya 4 osaganizako, pano ndimapezeka dzanja lapita lokha kukatsitsa ku 3. Mukadzadza anthu ndi katundu m'buti nde zimamveka kwambiri. Mumzere wa magalimoto, poyenda n'kuima, kusiyana nkochepa, koma potuluka pa kona mu giya yayikulu mumadziwa kuti china chake chachoka. Masiku oyamba ndinakhumudwa ndithu, chifukwa kuyenda kwa tsiku ndi tsiku kumachitikira kumunsi komweko.

Koma mukaipatsa mpata, mayo ine. Singano ikamadutsa 4500 injini imadzuka, ndipo pomwe kale imayamba kugwa mphwayi pano mpomwe ikuyamba ntchito, imakoka mosalekeza mpaka ku mzere wofiira wa 6500 ndipo imafika kumeneko ikufunabe. Koyamba kuiponda mu giya 2 ndinakagunda limiter, malire a rpm omwe kompyuta imaika, ndisanayembekezere chifukwa thupi linazolowera kuti galimoto imandiuza yokha nthawi yosintha giya pofooka, pano siifooka. Popitirira lole pamsewu wautali, ukatsitsa ku giya 3 n'kuponda, umadutsa ndi mtima uli m'malo, sufunikanso kusintha giya uli pakati pa kupitirira. Kaliridwe nako kasintha, kumtunda kumamveka kukhuthala, mawu a silinda 6 zondondozana aja amatuluka bwino osachita kuboola ekizozi. Kwa ine izi nzomwe ndinkafuna pogula BMW ya silinda 6, injini yoti ukaizunguliza imakubwezera.

Nde funso nkumati kodi yaonjezera mphamvu kapena yangoisuntha? Zonse ziwiri. Pachimake mphamvu ndi yochuluka kuposa kale, zimenezo thupi limamva ndipo aliyense amene anaiyeza pa dyno, makina oyeza mphamvu ya galimoto, amaona mzere ukukwera kumapeto m'malo mogwa. Koma pakati pali dzenje, ndipo dzenje limenelo ndi mtengo womwe mumalipira.

Chomwe chinachepetsa dzenjelo kwa ine ndi kutchuna kompyuta. M52 imayendera kompyuta ya Siemens MS41, ndipo mapu ake, malangizo a petulo ndi moto, analembedwa poganizira manifold yakale. Popanda kutchuna galimoto imayenda, MAF ndi ma oxygen sensor a ku ekizozi amayesetsa kukonza, koma simukudya phindu lonse. Munthu wodziwa akakonza nthawi yothethekera moto, petulo, ndi pomwe VANOS imalowera ndi kutulukira, pakati pamadzadzako ndipo kukoka kumakhala kosalala, kopanda kudumpha. Sikubwerera mwakale ndendende ayi, koma kumafika poti umaiwala. Ine ndinganene kuti amene akuwerengera ndalama za ntchitoyi awerengere zinthu zitatu pamodzi, manifold, kit ndi kutchuna, osati manifold yokha chifukwa choti yapezeka motchipa. Pamenepa chenjezo limodzi, otchuna ambiri amakonda kukweza limiter kufika cha m'ma 7000. Injini za banja ili zimadziwika ndi nati ya pa oil pump yomwe imatha kumasuka ngati galimoto ikukhalitsa pa ma rpm okwera, ndipo ikamasuka presha ya oyilo imathera pomwepo. Ngati mukufuna kumakhala kumtunda nthawi zonse, nati imeneyo imangidwe mokhazikika kaye. Yanga limiter ndinaisiya pafupi ndi pomwe inali.

VANOS nayo muione musanayambe. Tima seal take tikatha galimoto imakhala yaulesi kale pa ma rpm apansi, nde mukaonjezera manifold yaikulu pamwamba pa VANOS yotopa mudzaida galimoto yanu. Chimodzimodzi mapulagi, makoyilo, fyuluta ya petulo, MAF yakuda, payipi yaikulu ya rabala yochoka ku MAF yomwe imakonda kung'ambika m'makwinya. Manifold siichiza injini yodwala. Ndimamva chisoni ndikaona munthu galimoto ikutsokomola, magetsi a pa dashibodi ali ngwee, iye akusaka manifold.

Pa petulo, mukamayenda mwaulemu pa liwiro limodzi sindinaone kusiyana koti ndinganene. Koma zoona zake nzakuti galimoto ikamakoma kumtunda umapitako pafupipafupi, nde tanki imatha msangako. Limenelo ndi phazi, si manifold.

Amene sindingawalangize kuika ndi awa. Ngati yanu ndi automatic, makamaka 528i kapena 728i zomwe ndi zolemera, giyabokosi imasintha magiya msanga ndipo injini imakhalitsa pansi pa 3000, ndendende pomwe manifold iyi imataya. Mulipira ndalama kuti galimoto ikhale yaulesi pomwe mumaigwiritsa ntchito, phindu lili kumalo komwe simufikako. Ngati mumakoka ngolo, kapena mumakonda kuyenda modekha mu giya yayikulu, manifold ya M52 inapangidwira inuyo ndipo anaipanga bwino, isiyeni. Pa 323i, yomwe ndi malita 2.5 a 170 PS, kumtunda kumatseguka kwambiri chifukwa mukuibwezera kapumidwe ka 325i, koma poti injiniyo ndi yocheperako kutaya kwa pansi nako mudzakumva. Ndipo kulikonse komwe muli fufuzani malamulo ndi a inshuwalansi anu, maiko ena monga Germany kusintha kotere kumafuna kuvomerezedwa ndi kulembedwa m'mapepala a galimoto.

Koma ngati ndi manual, injini ili bwino, ndipo ndinu munthu woti singano ikafika 5000 simuchita mantha, pa ndalama zomwe zimalowa sindikudziwa chinthu china chomwe chingasinthe khalidwe la 328i chonchi. Fyuluta zamitundumitundu zija ndi ekizozi yaphokoso zimasintha mawu, iyi imasintha kakokedwe. Manifold payokha ndikuipatsa ulemu wonse. Kit yomwe ndinagula ndikuipatsa theka, zitsulo zabwino, mapayipi ndi makalampu ayi, nde pogula funsani ngati mapayipi ake ali olimba mkati, ngati sakuyankhani bwino gulani zitsulo zokha mapayipi mukasake panokha. Manifold yakale ndi zonse zomwe mwachotsa musataye, sungani m'katoni, tsiku logulitsa galimoto wogula wina adzafuna ya original ndipo kubwezera ndi kotheka chifukwa palibe chomwe mwadula.

Chomwe chatsala kwa ine ndi diff, magiya akumbuyo ofikitsa mphamvu ku matayala. 328i ya manual inkabwera ndi diff ya 2.93, yomwe ndi yayitali, inkagwirizana ndi injini yokoka pansi. Ya 325i ya manual ndi 3.15, ndipo ndi imeneyo injini imafika msanga kumene manifold iyi imagwira ntchito, giya iliyonse imafupikako, ngakhale pa ulendo wautali ma rpm amakhala okwererako pang'ono chifukwa giya 5 ya giyabokosi yake ya ZF ndi 1:1. Ndikusaka yabwino yosalira, ikapezeka ndiika.